Totiya Wamchere wa Nayeli

A Rodolfo, eni lesitilanti ino ku Oaxaca, anandimangira kachipinda kagalasi pakatikati pa matebulo. Mmenemo ndimapera chimanga pamphero n'kumawotcha totiya, mikate yathu yopyapyala ya chimanga, pachiwaya chadothi, olemera akundionerera. Lamulo ndi loti ndizivala malaya opeta akwathu, ndizimwetulira, osayankhula, osatuluka. Ngakhale nkhuku amaitsekulirako m'mawa.

Mwana wanga Nayeli anandipeza kunyumba nkhope ili gwa.

"Amayi, makolo a bwenzi langa Mauricio asankha kukadyera kuntchito kwanu Loweruka. Ndinawauza kuti muli kumudzi, mukudwala miyendo."

"Bwanji osangowauza kuti ndinafa?"

"Chonde amayi, ukwati ungathe. Musandiyang'ane basi."

Ndinavomera. Ndikanatani, poti ndinabala ndekha?

Loweruka masana operekera zakudya anakhazika Nayeli, Mauricio ndi makolo ake moyang'anana nane. Anawabweretsera mbale zazikulu zokhala ndi kadontho ka msuzi wakuda wotchedwa mole ngati chitosi, kachiwala kamodzi pamwamba. Nayeli, yemwe ankanyambita mphika kwathu, ankatola ndi foloko, maso ali pansi. Sankadya. Mtima unandiwawa.

Ali mwana, akalira ndinkachotsa totiya pamoto, kuwaza mchere, kumupinda n'kumufinya m'dzanja mpaka zala zanga zidindike. Ndinachitanso chomwecho, n'kuitana woperekera zakudya pakawindo.

"Ciro, kapatse mtsikana wavala zoyerayo."

"Mayi Eufrosina, mundichotsetsa ntchito inu!"

"Nyamula, iwe, usanditayitse nthawi."

Nayeli ataona totiyayo anauma thupi. Ndinkangofuna amulume kamodzi kokha, ndidziwe kuti ndikadali mayi wake. Koma amayi a Mauricio ndiwo anatambasula dzanja.

"Taonani luso la a Rodolfo! Mpaka zala zikuoneka!" Anadya yense, n'kunyamuka kubwera pagalasi langa. "Nayeli mwanawe, tenga foni unditole ndi mayiyu. Wakongola bwanji m'zovala zakezi!"

Mwana wanga anaima patsogolo panga, galasi lili pakati pathu. Anabisa nkhope kuseri kwa foni.

"Akukwinyatu nkhope," anatero amayi aja. "Tamuuza aseke."

"Mwetulirani pang'ono," anatero Nayeli, mawu ali ozimiririka.

Ndinamwetulira, mano onse pamtunda, kuti ukwati wake usathe. Kumbuyo kwanga totiya ankapserera, utsi n'kumadzaza m'galasimo, ndipo Nayeli anabwerera kukakhala pampando wake.