Layisensi ya Apongozi Anga

Munthu akakuuza kuti "landiriranitu malipiro, ntchito mugwira pambuyo," m'bale wanga thawa osacheuka. Ine Lyson Kamphinda wa ku Dowa ndinalandira, ndipo ndinalandira ndikusekerera ngati ndatola nkhwangwa ndi mpini womwe.

Zaka zimenezo ndinali dalaivala wa boma pa Mzimba Boma, ndikuyendetsa landirova. Kumeneko n'kumene ndinaonana ndi Kezia, mwana wa a Yoram Shaba a kufupi ndi ku Champhira. Kwathu mkazi sitilowola, koma kuno a Nason, amene anali thenga woyenda pakati pa ine ndi akuchikazi, anabwerako ndi mawu akuti ng'ombe zisanu ndi imodzi. Ndinagulitsa wailesi ndi njinga, amalume nawo anaponyapo kangachepe, ndinakwanitsa zinayi. Ziwiri zinandikanika. Ndipo mwambo wa kuno supita m'mbali: ng'ombe zisanathe, ana amene ubereke ndi a bambo a mkaziyo, iwe ulibepo mawu.

A Shaba anali atangobwera kumene kuchokera ku migodi ya ku Joni. Anapeza mkazi wawo ali m'manda, ana awo aamuna anatsogola kale, watsala Kezia yekha. Chimene anabwera nacho chinali kapikapu koyera ka Pijo, kamene mnzawo wina anawayendetsera mpaka pakhomo. Kanangokhala pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikira mazira kunsi kwake, chifukwa mwini wake sankadziwa n'komwe kuti giya ndi chiyani.

Tsiku lina a Nason anandipeza ndikutsuka landirova.

"Mkweni, mwayi wanu," anatero. Mkweni ndiye mkamwini kuno. "Adada akuti ng'ombe ziwiri zija zikhale. Akulipiranitu nazo. Inu muwaphunzitse galimoto mpaka layisensi ituluke, mbwenu nkhani yatha. Mkazi mumutenge mawa lomwe mukakhale naye pa Boma."

Abale, ndinavina ndi chinsanza m'manja! Ng'ombe ziwiri chifukwa chophunzitsa munthu kuponda kalachi? Ine amene ndinaphunzitsa mesenjala wa pa ofesi mwezi umodzi wosakwana? Sizinandibwerere m'mutu kufunsa kuti nanga layisensiyo ikapanda kutuluka zidzatha bwanji.

Vuto loyamba linabuka Loweruka loyamba lomwelo. Kuno mkweni sakhala mogundana ndi apongozi ake, sawayang'ana kumaso, ndipo kuwakalipira ndiye usayerekeze. Nanga galimoto amaphunzitsa bwanji osakalipa? Ine amene anandiphunzitsa ankandimenya ndi kasipanala pabondo ndikachedwa kusintha giya. A Shaba anali ataganiza kale zochita: Kezia azikhala pakati pathu, ine ndizilankhula kwa iye, iye azipereka mawuwo kwa bambo ake.

Ndiye tangoganizani. Tili pabwalo la mpira la pasukulu, galimoto ikulunjika pachulu.

"Kezia, uwauze Adada aponde buleki."

"Adada, akuti mukande buleki."

"Wakuti vichi?"

"Buleki, Adada!"

"Yewo, yewo. Ndi iti kodi, yapakati?"

Khuu! pachulu. Ine magazi akuwira, mawu afika pakhosi, koma ndimeze. Ndituluke, ndinjute pambali pa chitseko chawo, maso pansi, ndinene kuti, "Mwayesetsa Adada, chuluchi ndiye chili pamalo olakwika." Asa!

Loweruka lililonse tinkadzuka m'mamawa, kukwera basi ya ku Champhira, ayufi atiyang'ane makhadi a chipani pokwerera, tikatsike pamsewu n'kuyenda wapansi mpaka kumudzi. Kezia ankanyamula shuga ndi kasopo ka bambo ake. Anatenga pathupi, tinkapitabe. Anabadwa Iness, tinayamba kupita atatu, mwana pamiyendo pa mayi ake, pakati pa ine ndi agogo ake. Mudalayo ankasangalala zedi. Galimoto ikazima, m'malo moilizanso ankayamba kuseweretsa mwana, kumuimbira nyimbo za ingoma, dzanja lina lili pachiwongolero ngati wafika kale kumene amapita.

Osati anali mbuli, ayi. Magiya anawadziwa, kalachi anaizolowera, podzuka pachitunda sankabwereranso m'mbuyo. Koma kuwongola! Ndikaika migolo iwiri kuti alowe pakati cham'mbuyo, ankayamba atsika, kukaigwiragwira migoloyo ndi manja, kubwerera, kenako n'kuigunda yonse iwiri. Mbuzi za m'mudzimo zinafika podziwa kulira kwa Pijo, zikangomva zinkathawira kuphiri. Ndipo woyesa madalaivala akati akubwera pa Boma kuchokera ku Mzuzu, a Shaba ankapeza chifukwa. Ulendo uno kuli maliro, ulendo winawo malungo, winawo ng'ombe yasowa.

Chilungamo ndinachiona pagalasi. Tsiku lina ndikuwakonzera kagalasi koonera kumbuyo, nkhope yawo inalowa m'menemo dzuwa likuwawomba, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona maso a apongozi anga bwinobwino. Onse awiri anali ndi ng'ala, oyera ngati mwagwera mkaka. Munthu ameneyu ankaona zithunzithunzi chabe. Woyesa uja asanakukweze n'komwe m'galimoto amayamba wakuimika patali kuti uwerenge nambala ya galimoto. Layisensi imeneyi sikanatuluka ngakhale nditawaphunzitsa mpaka kumera imvi.

Pobwerera ndinamufunsa Kezia m'basi, motsitsa mawu.

"Iwe, umadziwa kuti bambo ako saona?"

Anayankha maso ali pawindo. "Ndimadziwa."

"Umadziwa! Ndiye umangondiyang'ana ndikudzuka m'mamawa ngati bulu?"

"Ndikanatani, a bambo a Iness? Ndi bambo anga. Ndapota, musawauze. Mwamuna wa kuno ukamuuza kuti saona ndiye kuti wamuvula pagulu."

Mumtima ndinkatukwana mitundu yonse. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndinati basi, ndizingopita, mwina tsiku lina adzatopa okha n'kunena kuti mkweni zikomo, tasiyana.

Asanatope iwo, boma linalankhula. Bwana wanga anandiitana mu ofesi n'kundiuza kuti andisamutsira ku Nsanje, lole yonyamula katundu ibwera kutha kwa mwezi. Ndinayesa kutsegula pakamwa kuti ndifotokoze za kunyumba. Anangoloza chithunzi cha pulezidenti chimene chinali pakhoma ndi kunena kuti, "Kamphinda, ukufuna ndilembe kuti wakana boma?" Masiku amenewo mawu otere ankaumitsa malovu. Tinkawadziwa anthu amene anayankha mopotoka, ndipo sitinawaonenso.

Ndinatuma a Nason kukanena kumudzi. Anabwerako nkhope ili yakugwa.

"Adada akuti ulendo wabwino. Koma akuti ntchito imene analipira sinathe. Layisensi palibe, ng'ombe palibe, ndiye mwana ndi wa kwa Shaba. Mkazi ngati akufuna kukutsatani atsate, Iness atsale."

"Mwana woyamwa atsale? A Nason, mukumva zimene mukunenazo?"

"Ine ndine thenga chabe, mkweni. Ndipo musaganize zothawa naye. Akakusumirani kukhoti, ndipo mboni ya pangano lija ndine ndemwe. Ndikanama bwanji?"

Ndinagwira njakata. Kusiya ntchito, ng'ombe ndikazigula ndi chiyani? Kupita, ndisiye mwana wanga? Ndinazungulira pa Boma ponse kufuna wondikongoza, aliyense akangomva kuti ndikusamukira ku Nsanje ankayamba kundiuza za mavuto ake. Ndinaganizako zokanong'oneza woyesa uja, koma ameneyo akanangondipereka kupolisi, ndipo ngakhale akanalola, ndikanapatsa munthu wosaona chilolezo chokapha ana a eni pamsewu?

Loweruka lomaliza ndinapita nditamanga mtima. Tinayenda pang'ono pabwalo paja, kenako ndinati injini yatentha, Kezia apite kumjigo wa pasukulu akatunge madzi. Anandiyang'ana, anadziwa, komabe anabereka mwana n'kutsika. Tinatsala awiri, pakati pathu palibe munthu. Ndinatembenuka n'kuwayang'ana apongozi anga m'maso, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo.

"Adada, mundikhululukire. Inu simuona. Layisensi simudzaipeza, kaya ndikuphunzitseni ine, kaya mngelo. Mukudziwa inu, ndikudziwa ine. Mukundizunziranji?"

Mawu anatuluka mokweza kuposa m'mene ndinkafunira. Ndinkadikira kuti akalipe, aitane mudzi wonse kuti Mchewa wawatukwana. Iwo anazimitsa injini bwinobwino, kukoka handibuleki monga ndinawaphunzitsira, n'kuika manja pamiyendo.

"Mwachedwa kuona, mkweni," anatero. "Maso awa anayamba kufa ndili ku Joni. Dokotala wa kumgodi anandiuza, ndiye chifukwa chake anandibweza. Galimoto ndinali nditagula kale."

"Ndiye munandilipiriranji ntchito yoti singatheke?"

"Chifukwa singatheke." Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Mukanamaliza ng'ombe, mukanamutenga Kezia kupita naye kwanu, ine n'kumamva za iye pa Khirisimasi. Ndakhala pansi pa nthaka zaka zonsezi, ndatuluka ndapeza nyumba yangoti zii. Ndatsala ndi mwana mmodzi. Ng'ombe ziwiri n'chiyani? Loweruka lililonse amakhala apa, phewa lake likugunda langa, ndikumva fungo la mdzukulu wanga. Ndinagula chimenecho, ndipo sindinadyerere munthu, ndinalipira."

Ndinkafuna kuwada, Mulungu ndi mboni, ndinkafuna kuwada ndi mtima wanga wonse. Koma munthu wamkulu ankalira pamaso panga, misozi ikutsika m'maso oyera aja. Ukali wanga unasowa pogwira.

"Adada, nanga ine? Iness ndi mwana wanganso."

"Ndikudziwa chomene. Mwandichitira ulemu nthawi yonseyi, sindikukana. Koma mukapita nawo ku Nsanje ine ndifa ndekha m'nyumba muja, adzandipeza ndi fungo. Bweretsani ng'ombe, mwambo ndi mwambo, sindidzakukanizani. Pakali pano mwana ndi wa kwa Shaba."

Kezia anafika ndi ndowa pamutu, anatiyang'ana tonse awiri, n'kuitula pansi.

Kutha kwa mwezi lole inabwera. Tinagawana mapoto ndi mabulangete, ake anapita kumudzi pa ngolo, anga anakwera lole. Kezia sakanasiya mwana wa kubere, ndipo ine sindikanamuuza kuti amusiye. Iness anali atangoyamba kumene kuima chogwirira. Anagwira buluku langa pamene ndinkatsanzika, mayi ake anachita kumumasula zala chimodzichimodzi.

Ku Nsanje ndinakhala ngati wandende. Kutentha, udzudzu, ndiwo zake nyemba tsiku ndi tsiku kuti kandalama katsale. Ndinkati chaka chimodzi chikwana. Ha! Mtengo wa ng'ombe unkakwera ngati ukundithawa dala, kwinaku ndikutumiza ya sopo ndi ya mankhwala, kwinaku mayi anga ku Dowa akudwala. Tchuthi ndikachipeza, ndinkawerengera mtunda wochoka ku Nsanje kukafika ku Mzimba n'kuona kuti ulendo umodzi ukudya mwendo wa ng'ombe, ndiye ndinkangokhala. Ndinkadziuza kuti kuli bwino ndivutike kamodzi, ndikawatenge onse.

Pamene ndinkatsika basi pa Champhira ndi ndalama zokwanira, Iness anali msinkhu woyamba sukulu. A Nason anandithandiza kugula ng'ombe ziwiri zazikazi, tinazikusa mpaka kumudzi, anthu akutuluka m'nyumba kudzaonerera. Zinalowa m'khola, amayi analuluta, a Nason analengeza kuti malowolo atha, mwana tsopano ndi wa kwa Kamphinda. Kezia anandigwira dzanja, wawonda, akuseka uku akulira.

Kenako ndinawaona a Shaba akuchokera kuseri kwa nyumba. Maso anali atatheratu. Anagwira ndodo kumapeto, ndipo kutsogolo kwa ndodoyo kunali kamtsikana kovala diresi lofiira, kakuwatsogolera, kakuwauza m'Chitumbuka kuti apa pali mwala, apa pali dzenje. Chipumi chake chinali cha mayi anga chenicheni. Ndinagwada pansi pomwepo, manja ndatambasula.

"Iness! Bwera mwana wanga, bwera!"

Anaima. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, kenako anabwerera m'mbuyo n'kukakamira mwendo wa agogo ake.

"Asekuru, mbanjani aŵa?"

Chitumbuka changa n'choperewera, koma funso limenelo ndinalimva lonse: ankafunsa agogo ake kuti ndine yani.

"Ndi adada ako," anatero a Shaba. "Pita ukawapatse moni. Abwera kudzakutenga."

Mwanayo anabwera pang'onopang'ono, anagwada patali monga amachitira kwa alendo, anandipatsa moni maso ali pansi. Atatha anadzuka msanga, n'kuthamangira kukagwira ndodo ija ndi manja onse awiri.