Bojointi ya Kumanzere

Mwala wa pachiliza cha mkazi wanga Lydia ndinausemetsa ku Limbe. Unali wakuda, wolemera, dzina lake litalembedwa bwino. Abale ake anasankha Loweruka kuti tikauimike kwawo ku Mpama.

Lachisanu, ndili pa Njuli mwala uli kumbuyo, lole yanga inayamba kugogoda kutsogolo chakumanzere. Chiwongolero chinkasewera m'manja. Ndinaima pagalaja ya Overtone, makaniko wanga wakale. Anaikweza pa jeke n'kugwedeza tayala. Linagwedera ngati dzino lofuna kuguluka.

"Bojointi yatha, madala," anatero. "Kampira kachitsulo aka ndi kamene kamagwira tayala, ngati fupa la m'chiuno. Kamalilola kukhota, kukwera ndi kutsika m'maenje, koma osachoka pamalo. Kakafwamphuka, tayala ligona pansi, katundu yense athamangira kutsogolo. Yatsopano ndikaipeza mawa ku Limbe."

Alamu anga a Rafaeli, achimwene ake a Lydia, anali atabwera pa kabaza kudzandiperekeza. Anaseka.

"Alamu, malole onse a mchenga kuno amayenda omanga ndi malegeni. Dulani chubu, kulungani, tizipita. Kapena mukuopa kwathu?"

"Mwala usweka," ndinatero.

"Azimayi aphika kale thobwa. Abusa tawauza. Mukufuna anthu akaimbire dothi?"

"Usweka."

Overtone anali atatola kale chubu chakutha ndi mpeni. Ndinapukusa mutu, anaziika pansi. Msewu wa ku Mpama ndinauyenda zaka zonse za ukamwini wanga. Pali chitsetse cha miyala pamene mphira singapirire.

A Rafaeli anakodola kabaza. "Makani omwewa ndi amene tinakusudzulirani msanga maliro atatha," anatero, osacheuka.

Anandisudzuladi, ndipo ndinachoka pamudzi pawo ndi chikwama ndi lole basi.

Loweruka bojointi inafika dzuwa litapendeka. Overtone anaikhoma, anathira girisi, anatsitsa jeke. Ndinayendetsa pang'onopang'ono. Chiwongolero chinkamvera. Pachitsetse paja tayala linkatsika m'miyala n'kukweranso, osagogoda.

Ndinafika ku Mpama anthu atabalalika. Pabwalo panali mabenchi a tchalitchi osanjikizana ndi ndowa zovundikira. A Chrissy, akazi awo a Rafaeli, anasuzumira pakhomo n'kubwerera m'nyumba.

Kumanda munthu salowa popanda eni mudzi, ndipo ine tsopano ndine mlendo. Ndinaimika lole pamene njira imathera, m'mphepete mwa mitengo. Ndinakwera kumbuyo n'kuvundukula bulangete limene ndinakutira mwala uja. Mwala unali wathunthu, wopanda ngakhale kamng'alu. Ndinaupukuta fumbi ndi mkono wa malaya, kenako ndinakhala pambali pake, kudikira kuti wina abwere.