Benchi ya a Ndau

Mirriam akamva fungo la utuchi, amakumbukira a Yoramu Ndau, aphunzitsi ake a ukalipentala kusekondale ina ya kufupi ndi Nsipe. Anali bambo wamfupi wa mimba yaikulu, pensulo ili kukhutu tsiku lonse. Unyamata wawo anaudyera kumigodi ya ku Joni, ndipo akamapala thabwa ankaimba nyimbo za ngoma, phazi likugunda pansi. Wophunzira aliyense ankamutcha "amisiri", ngakhale Mirriam amene anali mtsikana yekhayo m'kalasimo.

Chaka chimene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, ana anadzaza pasukulu yoyandikana nayo mpaka ena ankaphunzira atakhala pafumbi. A Ndau zinawakhudza. Anapempha matabwa a bulugamu kumpingo, nauza kalasi kuti, "Amisiri, apangireni anawa pokhala. Ine ndingoyang'ana."

Duncan, mnyamata wodzitama amene ankatsogolera gulu la Mirriam, anati iwo apanga benchi yaitali kuposa onse. Anacheka, anapala, anakhoma mpaka manja kutuluka matuza. A Ndau ankangodutsa, kuyang'ana benchiyo, kuyang'ana kukhomo, kenaka n'kumapita akuimba kamluzu.

Tsiku lotulutsa linafika. Ananyamula benchi ija mwamatama, koma itangotuluka theka, inakagunda khoma la laibulale lomwe linali pafupi ndi khomolo. Anaibweza, anaipendeketsa, anaiimika. Inakana. Pawindo panali zitsulo.

A Ndau anaseka mpaka kukhala pansi, misozi ili chuchuchu.

"Aphunzitsi, inu mumadziwa?" anafunsa Mirriam, thukuta lili kamukamu.

"Kuyambira tsiku loyamba, amisiri."

"Nanga bwanji osatiuza?"

"Ndikanakuuzani mukanaiwala pofika mawa. Koma izi mudzafotokozera ndi zidzukulu zomwe."

Kenaka anatenga sowo n'kumupatsa Mirriam. "Dulani pakati. Dzanja lanu silinjenjemera ngati la a Duncan."

Mirriam anadula, anyamata onse atamuzungulira. Mzere unatuluka woongoka bwino. Anawonjezera miyendo, ndipo benchi imodzi ija inasanduka mabenchi awiri. Atawanyamula kupita nawo kupulayimale, ana anawathamangira akukuwa, n'kuyamba kulimbirana malo mabenchiwo asanatsitsidwe n'komwe.

Mirriam sanakhale kalipentala. Amagulitsa mbatatesi ndi kabichi pa Lizulu, koma zitseko ndi mashelefu a m'nyumba mwake anakhoma yekha, mwamuna wake akumugwirira misomali. A Ndau anapuma ntchito n'kubwerera kwawo ku Champiti. Chaka chatha Mirriam anakawaona atasenza thumba la mbatatesi. Anawapeza pakhonde akukonza mpini wa khasu, maso atayamba kuchita khungu. Atamva mawu ake anaimirira msangamsanga.

"Mayi, phani nkhuku!" anakuwira akazi awo. "Kwabwera amisiri!"