Odwala Awiri a Lachinayi

Namwino wina anali atagwira ntchito zaka zisanu ndi zinayi m'chipinda cholandiriramo mankhwala a khansa, ndipo mitsempha ya odwala ake ankaidziwa kuposa masiku obadwa a azibale ake. M'chipindamo munali mipando isanu ndi itatu, uliwonse ndi chitsulo chake chopachikapo diripi. Milungu itatu iliyonse, Lachinayi, pampando wa pazenera pankakhala bambo wina wokonza mawotchi, amene onse ankangowatchula kuti a Wotchi. Anali ndi khansa ya m'magazi, akazi awo anamwalira kalekale, ndipo dandaulo lawo linali limodzi lokha, loti diripi ikuchedwa. Ankawerenga madontho akuyang'ana pamkono, n'kumauza namwino kuti makina ake akutsalira ndi mphindi zinayi.

Tsiku lina pampando woyandikana nawo panabwera mayi wina wopuma pa ntchito ya uphunzitsi, wamtali, wa mpango wobiriwira kumutu, ataperekezedwa ndi mwana wawo wamkazi. Aphunzitsiwo anapereka moni kwa onse ngati akulowa m'kalasi, n'kutambasula mkono osaphethira n'komwe pamene singano inkalowa.

Namwino atatembenuka kuti ayeze a Wotchi, anapeza mtima wawo ukugunda mothamanga. Anayezanso. Anawayeza kutentha kwa thupi, anawafunsa ngati akuzizidwa kapena akumva chizungulire, popeza kwa munthu wa magazi ofooka kutentha thupi si nkhani yocheza nayo. Zonse zinali bwinobwino. Anali atatulutsa kale foni kuti aitane adokotala pamene anaona bamboyo akuvula chipewa, kuchivala, kuchivulanso, mutu wothothoka tsitsi uli thukuta lokhalokha.

"Anamwino," anatero a Wotchi chapansipansi, "diripiyi lero ikuthamanga kwambiri. Simungaichepetseko?"

Namwino anabweza foni m'thumba, analowa m'kachipinda kosungiramo mankhwala, anatseka chitseko, n'kuseka mpaka masiki inanyowa ndi misozi.

Kuyambira pamenepo Lachinayi linasanduka tsiku lake lapamtima. A Wotchi anayamba kubwera atavala tayi. Mafuta onunkhira anawaletsa, chifukwa fungo limadzutsa mseru kwa anzawo, ndiye anabwezera pa nsapato, zomwe ankazipukuta mpaka munthu kudzionerapo. Anapeza kuti wotchi ya Aphunzitsi ili ndi vuto ngakhale inkayenda bwino, ndipo anaikonza maulendo awiri. Aphunzitsi nawo, amene poyamba ankakana kutsuka m'kamwa ndi mankhwala a zilonda ati akuwawa, anayamba kuwapempha okha. Mwana wawo, wokhalira kuyankha mafoni a kuntchito kukhonde, sankadziwa kanthu. Namwino ankangoyenda pakati pa mipando iwiriyo akusintha matumba a diripi, nkhope ataiumitsa kuti asaseke.

Kenako zotsatira za magazi a a Wotchi zinabwera zosasangalatsa. Maselo oyera, asilikali a m'thupi, anali atatsika kwambiri, ndipo adokotala analamula kuti mankhwala adikire mlungu umodzi. Namwino anawafotokozera modekha kuti zimenezi zimachitika, asadandaule, koma apewe pagulu ndipo akangomva kutentha thupi abwere msangamsanga. Bamboyo sankamva zimenezo. Anali atawerengetsera kale kuti akasuntha ndi mlungu umodzi, masiku awo ndi a Aphunzitsi sadzakumananso. Anapempha kuti magaziwo ayezedwenso, ananena kuti mwina makina a kulabu nawonso akutsalira, mpaka anafunsa ngati angamangokhala pampandopo popanda diripi. Namwino anakana zonsezo, ngakhale mtima unkamuwawa, n'kuwatulutsa atawaveka masiki.

Chomwe analola n'kunyamula makalata. A Wotchi ankasiya envulopu pa tebulo la anamwino, iye n'kuipereka pamodzi ndi mapilitsi oletsa kusanza. Kalata yoyamba Aphunzitsi anaiwerenga kawiri, anatulutsa cholembera chofiira m'chikwama, anakonza mawu atatu olembedwa molakwika, ndipo pansi analembapo kuti ayesenso. A Wotchi atailandira anaionetsa kwa mayi wokolopa, kwa mlonda wa pageti ndi kwa adokotala omwe, akunyadira ngati alandira mendulo.

Aphunzitsi anamaliza mankhwala awo mwezi wotsatira. Anagwira chanza anamwino onse n'kupita, osasiya mawu alionse. A Wotchi anali atatsala ndi maulendo awiri, ndipo pa tsiku lawo anabwera opanda tayi, n'kungokhala maso ali kunja. Namwino anavutika kupeza mtsempha, chifukwa mkono unali wozizira ndipo mwiniwake sankafuna n'kufumbata komwe. Anali akuufunditsa kansalu kotentha pamene chitseko chinatseguka.

Aphunzitsi analowa atavala mpango wachikasu, atanyamula botolo la madzi ndi kabulangete. Anauza namwino kuti amva zoti wodwala aliyense amaloledwa womuperekeza mmodzi, ndipo bambo awa akhala akuphwanya lamulo pobwera okha. Namwino anatenga fomu ya operekeza, analemba nambala ya foni, n'kufika pamzere wofunsa ubale.

"Apa ndilembe kuti ndinu ndani wawo, mayi?"

Aphunzitsi anayang'ana a Wotchi, amene kukamwa kunali yasa.

"Muli ndi pensulo, mwanangu? Lembani kuti mnzawo. Koma musadinikize kwambiri, tidzafufuta."

Agogo a pampando wachitatu, amene onse ankaganiza kuti ali mtulo, anayamba kuwomba m'manja ndi dzanja limodzi pantchafu, ndipo chipinda chonse chinatsatira, aliyense akusamala singano yake. Sisitala wamkulu anasuzumira kuti aone chachitika n'chiyani, n'kupeza namwino wake wodalirika atatsamira khoma, akudzikupiza ndi fomu.

Matenda a a Wotchi sanatheretu, koma anagona pansi, ndipo adokotala anati azingobwera kudzayezetsa. Miyezi inayi itadutsa, m'mawa wina namwino akukonza thireyi ya masingano, foni ya pa tebulo inalira. Anali mwana wa Aphunzitsi uja. Ananena kuti amayi ake amuuza kuti asoketse diresi, akuimba kubafa, ndipo m'nyumba mwadzaza mawotchi asanu ndi awiri olira nthawi imodzi. Ankafuna kudziwa, ndipo ankafunsa moona mtima, ngati mankhwala aja amasokonezanso mutu.

Namwino analuma mlomo, n'kuyankha ndi mawu ake a pantchito kuti papepala la mankhwalawo palibe pomwe analemba zimenezo. Kenako anafunsa tsiku la ukwati, kuti apemphe tchuthi anzake asanamutsogolere.