Achimwene Laitoni Ali M'mphepete mwa Mapu

Ndinalota ndabwerera m'kalasi mwathu mwa Fomu 2, ine mayi wa ana akuluakulu, nditavala yunifolomu ndipo inandikwana bwinobwino. Ndinakhala pa desiki yanga yakale, pafupi ndi zenera losweka. Kumanzere kwanga kunalibe munthu. Pamenepo pankakhala achimwene anga a Laitoni, amene anabwereza kalasi mpaka ine ndinawapeza. Anapita ku Joni pa lole ya matabwa, mwana wanga woyamba ali kumsana, ndipo foni yawo inasiya kupezeka chaka chomwecho. Pano mwana uja wayamba kumera ndevu.

Kenako analowa a Makwinja, aphunzitsi athu a jogalafe. Kumaliro awo ndinapitako, nkhata ndinaluka nawo, koma analowa basi, thalauza ili mbuu ndi choko, mapu opindidwa ali m'khwapa.

Atawatambasula, mapuwo sanakwane patebulo. Anatsikira pansi, anadutsa kunsi kwa madesiki, mbali ina n'kutulukira pakhomo. Mzere wabuluu wa mtsinje unali wonyowa. Madzi ake ankayenda pakati pa kalasi, ndipo anzanga onse anakweza miyendo kuti asanyowetse masokosi.

"Mayi Namakhwa," anatero aphunzitsi, ngakhale kale ankangoti iwe Feliya. "Funso lanu ndi ili. Pezani mtunda kuchokera pa desiki yanu kukafika pamene pali achimwene anu."

"Aphunzitsi, kumene aliko sitikudziwa."

"N'chifukwa chake pali mapu. Munthu akagwira mapu amayamba ndi chiyani?"

"Amapeza kumpoto."

Pakona ya pepala panali muvi wakuda uja woloza kumpoto. Unadzutsa mutu n'kundiyang'ana.

"Kumpoto ndi kuno," unatero muviwo mwaulemu. "Koma munthu wanu analowera kummwera. Mundifulatire, sindidandaula."

Ndinaufulatira. A Makwinja anati njira yokhotakhota sitiyesa ndi rula, timayesa ndi ulusi. Anasolola ulusi pamkono wa malaya awo n'kundipatsa nsonga yake. "Musautaye. Umenewu ndi umene udzakuuzeni mtunda, ndiponso ndi umene udzakubwezeni kuno."

Ndinavula nsapato n'kuponda pa mapu. Pansi pake panali pofunda ngati dothi la mu Okutobala.

Ndinatsata mzere wofiira wa msewu. Pa kamtanda kosonyeza tchalitchi ndinamva kwaya ikuphunzira nyimbo, ikulakwitsa malo amodzimodzi n'kumabwereza. Patsogolo panali timabokosi takuda tosonyeza nyumba, ndipo kamodzi ndinakadziwa. Ndinagwada n'kuyandikitsa diso. Amayi anga anali pamenepo, ang'onoang'ono ngati nyerere, akusesa pakhomo pa nyumba ya achimwene, monga achitira m'mawa uliwonse chichokereni mwini wake.

Ndinafuna kuwaitana, koma aphunzitsi anandiletsa. Iwo anatsala m'kalasi, komabe mawu awo ankamveka pafupi ndi khutu langa.

"Anthu sajambulidwa pa mapu," anatero. "Mayi amenewo anakana kuchoka pamene ojambula ankagwira ntchito. Asiyeni, pitirirani."

Msewu unalowa m'mizere yofiirira ija yozungulirazungulira, yosonyeza kukwera kwa phiri. Poyamba inali yotalikirana ndipo ndinkayenda mosavuta. Kenako inayamba kuthinana, ine n'kuyamba kupuma wefuwefu, akatumba akuwawa. Mizere imeneyi inkandizunguza mutu kusukulu, mpaka tsiku lina achimwene anatenga mbatata yaikulu, n'kuidula zibenthu zozungulira, n'kuzisanjikiza pa mphasa. "Phiri ndi ili, Feliya. Mzere uliwonse ndi pamene mpeni wadutsa." Pamwamba pa phiri la m'mapumo ndinapeza zibenthu za mbatata zili pamwala, utomoni wake usanaume. Ndinadziwa kuti anadutsa pomwepo, ndipo ndinatsetsereka mbali inayo mothamanga.

Kutsidya kwa chigwa ndinafika pa mzere wodukaduka wokhala ndi timadontho pakati. Anali malire a dziko. Ndinaima, poti ndinalibe pasipoti.

"Dutsani pamene mzere waduka," anatero aphunzitsi. "Ambiri amadutsira pomwepo."

Kuseri kwa malire mayina a malo anayamba kuchepa. Mitsinje inalipo koma yopanda dzina, midzi inalipo koma yopanda utsi. Ndinayenda nthawi yaitali dzuwa lili pamodzimodzi. Nditacheuka ndinawaona a Makwinja kutali kwambiri, ataima pakhomo la kalasi, mkono wonse wa malaya utasosoka, ulusi ukuyamba kudya phewa. Sanadandaule. Anangokweza dzanja kuti ndizipita.

Ulusi unakungika pamene mapu anathera. Patsogolo panga panali mzere wakuda wowongoka, ndipo kuseri kwake kunali koyera mbee, kopanda mtengo, kopanda msewu, pepala lokhalokha. M'munsi mwa mapu alionse mumakhala sikelo, kamzere kogawidwa kakuda ndi koyera kamene timayeserapo ulusi. Pamenepo sikeloyo inali yaikulu ngati benchi la kuchipatala, ndipo achimwene a Laitoni anakhalapo, manja ali pamaondo.

Anavala juzi yobiriwira imene anachoka nayo. M'mutu munali imvi.

"Mwafika, chemwali," anatero. "Mwayenda bwanji?"

"Ndayenda bwino, achimwene. Kaya inu kuno?"

"Kuno kulibe mphepo, kulibe mvula. Denga la nyumba yanga likudontha?"

"Amayi anafoleretsa chaka chatha."

Anagwedeza mutu, n'kuyang'ana zala zawo. Ndinali ndi mawu ambiri amene ndawasunga zaka zonsezi, za ana anga amene sanawaone, za abambo amene anamwalira akutchula dzina lawo. Koma pakamwa panatuluka nkhani imodzi yokha.

"Achimwene, amalume akuti tadikira mokwanira. Akuti mvula isanagwe tidule thunthu la nthochi ya kuseri kwa nyumba yanu, tiliike m'manda m'malo mwanu, tilire maliro zithe. Amayi akukana. Ine ndili pakati. Ndiuzeni kuti ndikanene zoona: muli moyo, kapena munatisiya?"

"Funso labwino," anatero achimwene. "Yankho lake lili pa pepala linzake la mapu awa, limene limalumikiza apa."

"Aphunzitsi," ndinaitana, "pepala linzakelo lili kuti?"

A Makwinja anakhosomola pang'ono. "Limenelo sukulu yathu sinalandire. Tinapempha, koma silinabwere."

Ndinaganiza zongowoloka mzere wakudawo ndikakhale nawo pa benchi. Ndinakweza phazi, koma ulusi unali utatha. Kuti ndiwoloke ndinayenera kuutaya, ndipo kumbuyo kwanga kunali amayi ndi tsache lawo, kunali ana anga. Ndinakulunga nsonga yake ku chala cha dzanja lamanzere, n'kutambasula lamanja mpaka phewa linalira. Achimwene nawo anatambasula lawo osadzuka. Pakati pa zala zathu panatsala kampata koti njere ya chimanga ikanatha kudutsa movutikira. Ndinamva kufunda kwa dzanja lawo.

"Sunthani pang'ono, achimwene. Pang'ono pokha."

"Musanyengedwe ndi kuchepa kwake, chemwali," anatero modekha. "Mwaiwala sikelo? Kampata kameneka pa pepala, pansi ndi ulendo wautali kwambiri."

Belu linalira. Kutali kumpoto, a Makwinja anayamba kupinda mapu awo. Ndinaona phiri likupindika, chigwa chikutsatira, malire akubwera ngati mphasa ikukulungidwa. Achimwene anabweza dzanja, n'kukonza kolala ya juzi, ndipo anatsegula pakamwa kuti anenenso kanthu. Ulusi unandikoka.

Ndinadzuka kunja kutayera, ndili kumudzi kwa amayi kumene ndinabwera chifukwa cha nkhani ya amalume ija. Dzanja lamanja linali lidakali lotambasuka, lalendewera m'mbali mwa bedi. Ndinatuluka n'kuwapeza amayi pakhonde akusankha nyemba m'lichero. Ndinakhala pansi n'kuwafotokozera zonse, kuyambira pa desiki mpaka pa benchi. Sanandidule mawu. Sanafunse za yankho lija.

"Anaonda?" anafunsa nditamaliza.

"Ayi, amayi. Amaoneka ngati munthu amene akudya."

"Juzi anavala?"

"Anavala."

Anataya kamwala kamene anapeza m'nyemba, n'kupeta lichero kawiri.

"Ukawauze amalume ako kuti nthochi ija yayamba kubereka," anatero. "Mwini wake amakonda zopsera pamtengo. Isadulidwe."