Manja a Anthu, Miyendo ya Amihan

Komatu sananame, ndipo pamenepo ndi pomwe pankamuwawa Luning, mphunzitsi wakalekale wa ovina pa ayezi, chifukwa likanakhala bodza bwenzi atangopepesa, nkhani n'kutha. Muulutsi wa pawailesi uja anamufunsa funso la chaka ndi chaka, lakuti pa mpikisano wa mayiko oyandikana mendulo ya golide ya atsikana ovina pa ayezi ipita kwa yani, ndipo iye, amene chiyambire kulosera sanaphonyepo, amene amangoona mmene mwana akumangira zingwe za nsapato n'kudziwiratu kuti uyu lero agwa, anayankha monga maso ake anamuuzira: atenga ndi Amihan Macaraeg. Akanalekera pomwepo. Koma lilime linapitiriza lokha, lilime la munthu wosiyidwa — ayi, osati wosiyidwa, la munthu wodziwa ntchito yake — n'kunena kuti wodumpha bwino ndi Kanlaya wa ku Thailand, kungoti mpikisano uli kwathu kuno ku Manila, ndipo majaji ndi anthu, ali ndi makutu, khamu likamakuwa kumbuyo kwako chala chimaterereka chokha kupita pa malikisi apamwamba. "Golide amupatsa ndi manja a anthu, osati miyendo yake." Dzuwa lisanalowe mawuwo anali m'foni ya aliyense.

Tsono lero wabwera, wakhala mzere woyamba kumene aliyense amuone, atavala jekete yake yakale ya timu ya dziko, yotuwa m'zigongono koma yosita bwino. Kubisala abisale akuba. Bwalo la ayezi lili pakatikati pa chinyumba cha masitolo, ndipo m'mwamba monse anthu atsamira zitsulo, majumbo a zogula m'manja, mbendera m'masaya, fungo la nkhuku yokazinga likutsika kudzasakanikirana ndi kuzizira kumene iye wakupuma kwa moyo wake wonse. Akumva maso awo m'khosi. Mayi wina kumbuyo wanong'oneza mnzake, dala mokweza, kuti ndi amenewa, a pawailesi aja. Luning wangowongola msana. Anene, theka la ana amene dziko lino linawatumizapo kunja anaphunzira kuima pa mpeni wa kunsi kwa nsapato zovinira pa ayezi atagwira chala chake, ndipo zimenezo palibe foni ingafufute.

Amihan nayenso. Anabwera ali kamwana ka mano ogweluka, Lamulungu lina bambo wake atatsika m'sitima ya pamadzi imene amagwirako ntchito, anavala nsapato zobwereka zazikulu ngati mabwato, ndipo Luning ataona mmene bondo lija linapindikira lokha, popanda womuuza, mtima unagunda. Anamuphunzitsa zimene sauza aliyense: kuti ayezi amalankhula, kuti ukadumpha n'kutera bwino mpeni umalira ngati nsalu yatsopano ikamang'ambidwa, koma ukatera usanamalize kuzungulira umakanda ngati supuni pansi pa mphika. Ankamutsinzinitsa maso kuti amve. M'mawa uliwonse, asanaponde ayezi, mwanayo ankatenga dzanja la Luning n'kuliika pamphumi pake monga achitira ana kwa akulu a m'nyumba mwawo, ngakhale kuti sanali pachibale, ndipo Luning ankati changu, changu, nthawi ikutha, pamene mumtima ankafuna dzanjalo likhalebe pamenepo. Kenako kunabwera zoti mwanayo akapitirize kuphunzira ku Canada. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, anatero bambo wake, ndipo Luning anavomereza, ananyamula yekha chikwama mpaka ku bwalo la ndege, sanalire — ndani anamuonapo akulira? — koma onani tsopano mzungu wamtali uja, mphunzitsi wake watsopano, wayima pakhomo la bwalo la ayezi, wanyamula jekete ya Amihan pa mkono, pamalo penipeni pamene iye ankayima.

Kanlaya wavina. Wavina monga Luning ananenera, wopepuka, wodumpha patali, ndipo anthu amuwombera m'manja ndi mtima wonse pakuti kuno mlendo sabwerera ndi manyazi. Malikisi atuluka okwera. Kachimwemwe kenakake kamudutsa m'chifuwa, kakuti mwaona, diso langa silinakalambe, ndipo pompo kasanduka kowawa, chifukwa wazindikira chimene akukondwera nacho.

Munthu wakhala pampando wa pambali pake. Ndi Conrado, bambo wa Amihan, wanenepa, imvi zayamba, m'manja muli kachikwama ka pepala ka nthochi zokazinga m'shuga.

"Aphunzitsi, mwatitchukitsatu. Ngakhale oyendetsa majipu a matola akutidziwa tsopano."

"Ndinanena zimene ndinaona, bambo Conrado."

"Eya, inu ndi maso anuwo. Tengani nthochi, pakamwa pakhale ndi ntchito ina."

Sanatenge. Conrado anaseka pang'ono, kenako anatsitsa mawu.

"Simunamve? Mwana wanu wapempha anthu. Palibe kukuwa, palibe kuwomba m'manja, palibe kumuponyera zidole za mphatso, mpaka majaji atalemba. Akuti afuna mumve nokha."

Mwana wanu. Luning anafuna kufunsa kuti mumve ndani, majaji kapena ine, koma chimkuzamawu chinatchula dzina la Amihan Macaraeg, ndipo pamene pankayenera kugwa denga, pamene ng'oma za anyamata a m'mwamba zinkayenera kugunda, panangoti zii. Anthu a mumzinda uno, amene amayimba ngakhale pamaliro, amene sangaone mpira wa m'khwalala osaimika galimoto n'kukuwa, anatseka pakamwa onse. Ena anakhalira manja awo. Kamtsikana kena kanakumbatira chidole chake mwamphamvu ngati chingathawe. Kunkamveka masitepe oyenda okha basi, akung'ung'udza chapatali.

Amihan analowa, diresi lofiira, chibwano m'mwamba, ndipo Luning anachidziwa chibwanocho chifukwa amachiona pagalasi tsiku lililonse. Mwano wa mwana ameneyu! Kutaya chinthu chimene wovina aliyense pa dziko lapansi amapempherera, khamu la kwanu, mphepo yokukankha kumsana, kuchitaya pamaso pa majaji chifukwa cha mawu a nkhalamba ya pawailesi. Kunyada kumeneku sanakakutenge ku Canada. Anamuthira ndi iye mwini Luning, pang'onopang'ono, pamodzi ndi kapindidwe ka bondo, ndipo tsopano ngati majaji, m'chetechete ameneyu, azizira m'manja n'kulemba motsika, golide wapita ku Thailand, ulosi wake waphonya koyamba, ndipo wolanda mwanayo menduloyo ndi iye. Akalemba mokwera, ndiye kuti wanamizira mwana wake pamaso pa dziko lonse. Kulikonse wagwa. Ndipo chodabwitsa, pamene nyimbo inkayamba, anapeza kuti sakudziwa kugwa kumene akukufuna — ayi, akudziwa, akudziwa bwino lomwe, kungoti sanazolowere kupempherera kuti alakwe.

Anatsinzina. Zaka zonsezi m'mipikisano phokoso linkamubisira ayezi, koma lero ankamva chilichonse, mpeni ukudula pokhota, mpweya wa mwanayo podutsa pafupi, kudumpha koyamba, nsalu kung'ambika bwinobwino, kwachiwiri chimodzimodzi. Madumphidwe amenewo ndi ake, anawaumba yekha, mzungu anangowapeza. Koma kutsogolo kunali kuja, kudumpha kozungulira katatu n'kutera n'kunyamukanso pomwepo kuzungulira katatu kena, kumene Amihan sanakuterepo koyera. Luning ankadziwa chifukwa makanema onse ochokera ku Canada anawaonera, mobisa, foni ataigunditsa kukhutu, ndipo nthawi zonse pamapeto pake pankamveka kukanda kuja, kochepa, koti jaji wa m'khamu laphokoso sangakumve ndipo angakukhululukire. Ulosi wake wonse unagona pa kukanda kumeneko. Lero palibe chokubisa. Mwanayo wavula yekha chofunda chimene chikanamuteteza, ndipo akubwera chambuyo, liwiro likukwera, nyimbo ikukwera, Conrado wafinya kachikwama ka nthochi mpaka kuphwanya, ndipo Luning akuwerenga ndi bondo lake lomwe, pinda, dikira, usathamange mwana iwe, dikira — tsopano.

Chete wa m'malere. Kutera. Kunyamukanso. Chete wina, wautali kuposa mmene anaumvapo.

Nsalu inang'ambika kuyambira kumutu mpaka kumchira, popanda ulusi wotsalira.

"Ndi zimenezotu, mwana wanga! Ndi zimenezo!"

Mawuwo anagunda denga, anakwera nsanjika zonse n'kubwerera kwa mwini wake, ndipo Luning anapeza kuti wayimirira, yekha, m'chinyumba chonse yekha, manja akuwawa chifukwa anali atawomba kale. Mitu inatembenuka. Jaji wina wa kumapeto anakweza maso pa chipangizo chake n'kumuyang'ana. Mzinda wonse wasunga pangano, ndipo woliswa ndi iye, iye amene ananena kuti phokoso limagula majaji; mawa adzati nkhalamba ija inakuwa kuti ulosi wake upherezeke, ndipo mwina mwanayo adzateronso, adzati ngakhale chete wanga mwandilanda. Manyazi anamutentha kumaso. Koma kukhala pansi sanakhale, miyendo inakana, pakuti chimene chinadzaza m'chifuwa mwake chinali chachikulu kuposa manyaziwo: ananyada, ananyada mpaka kupuma kunavuta.

"Aphunzitsi," Conrado ananong'ona, akumukoka jekete. "Mutiika m'mayesero, ifenso tikufuna kukuwa."

Nyimbo inatha. Amihan anayima pakati pa bwalo, mapewa akukwera ndi kutsika, ndipo anthu anagwirabe mpweya wawo, zidole zili pamiyendo, majaji ataweramira zala zawo. Sanayang'ane majajiwo, sanayang'ane mzungu wa jekete. Anatembenuka pang'onopang'ono kufikira maso ake atapeza mzere woyamba, nkhope yosaseka, yosakwiya, yosawerengeka ngakhale kwa munthu amene amawerenga ana pa zingwe za nsapato, ndipo dzanja lake linayamba kukwera cha kumphumi. Kaya ankapukuta thukuta, kaya chinali china, Luning sanathe kuona, chifukwa maso aja osaphonya anali atadzaza madzi. Anangomva kuzizira kwa ayezi pa khungu, ndipo atayang'ana pansi anaona dzanja lake lamanja litatambasuka kale kupitirira chitsulo, chikhato chili pansi, likudikira.