Akalulu a Ursula

"Musamugwire makutu, amayi aakulu!" Emmie anafuula akutsika pakhonde.

Immaculata anali atamukweza kale m'mwamba kalulu woyerayo, akumuyesa kulemera ngati nkhuku ya pamsika. Kanyamako kankangophiriphitha.

"Nanga amagwiridwa pati? Ali ndi chogwirira ngati ndowa?"

Emmie anathamangira pomwepo. Anamulanda, dzanja lina pansi pa chifuwa, lina kumbuyo, n'kumubwezera m'khola.

A Kamanula, bambo ake a Emmie, ankaonera zonsezi ali pampando wa pakhonde, nyuzipepala ili pamiyendo. Anali atangobwerako ku Nathenje kokaika mkazi wawo, Ursula, amene anangogwa m'khitchini n'kutsirizika asanafike naye kuchipatala. Immaculata, mkulu wake wa malemuyo, anawatsatira ku Lilongwe ati kudzalongosola katundu. Makina osokera anali atamangidwa kale m'chitenje, mapoto abwinoabwino chimodzimodzi. Tsopano maso ake anali pa khola.

Kholalo linkawanyansa a Kamanula chikhomereni. Mu Area 12 anthu ankaweta agalu achizungu, kudzala maluwa ndi kutchetcha kapinga. Koma mkazi wa munthu waudindo ku Capital Hill, wa galimoto yakeyake ndi ofesi ya kapeti, anasankha kumapala ndowe za akalulu m'mawa uliwonse. Akanakhala a ndiwo bwenzi zikumveka. Awa ayi. Ursula ankawadonthezera mafuta ophikira m'makutu akachita nkhanambo, kuwaikira timitengo totafuna kuti mano asatalike, kuwatchingira dzuwa ndi chiguduli ngati makanda. Lachinayi lililonse ankakwera basi ya ku Old Town kukawagulira masamba, ngati mkazi wa mesenjala.

"Amene akuwafuna atenge, bola achoke pano," anatero a Kamanula osakweza maso. "Alamu, mukadye ku Nathenje. Ine Lolemba ndikubwerera kuntchito, sindingasiye mafaelo a boma n'kumakazula udzu."

"Mwanena bwino, alamu. Malemu anali ndi tizochita tawo tachibwana. Pena kusowa ana ambiri kumatero."

Emmie anali atagwada pakhola. Anali mwana yekhayo wa m'nyumbamo, ndipo Lamulungu ankayenera kubwerera ku Blantyre kumene ankaphunzira unamwino.

"Wakudayu wadwala," anatero. "Mimba yatupa, sakudya. Anawaponyera kabichi wonyowayu ndani?"

"Ndine," anatero Immaculata. "Zotsala za pamaliro ndikanataya?"

Emmie anakokolola kabichi yense, natsuka kambale n'kuthiramo madzi abwino. Anamuika kalulu wodwalayo pamiyendo, n'kuyamba kumusisita mimba pang'onopang'ono ndi nsonga za zala.

"Taonani," anatero a Kamanula. "Sukulu yonse ija ndiye yathera apa. Namwino wa makoswe a makutu aatali."

Kugeti kunamveka odi wapansipansi. Analowa mayi wowonda, mpango utaphimba mutu ndi khosi, atasenza thumba. A Kamanula anamuzindikira asanafike n'komwe pamtengo wa mapeyala, ndipo nyuzipepala inawagwa.

Anali Sauda, mkazi wa Abdulmajid. Abdulmajid ankagwira ntchito muofesi yoyandikana ndi yawo, ndipo banja lake linkakhala mumsewu womwewu. Zaka zingapo zapitazo amuna ena anabwera pa Land Rover nthawi ya nkhomaliro n'kumutenga jekete ili pampando. Palibe anafunsa mlandu wake. Sabata isanathe mkazi ndi ana anatulutsidwa m'nyumba ya boma, ndipo kuyambira apo dzina lake silinkatchulidwa ngakhale ku bala. A Kamanula anali atamuuza Ursula mosabisa kuti anthu amenewo ngakhale moni asamawapatse.

Sauda anatula thumba, nakhala pansi pa masitepe.

"Pepani ndi zovutazi, bambo a Emmie. Kumaliro sindinafike, ndinaopa kukuikani m'mavuto. Koma lero n'Lachinayi, ndiye ndinati mwina ziwetozi zagona ndi njala."

Anamasula thumbalo. Munali udzu wouma, kholowa, ndi chisoso chofota bwino.

"Masambawa ndawayanika pamthunzi kuyambira dzulo, monga ankafunira mayi a Emmie. Ankati onyowa amatupitsa mimba."

A Kamanula anasuzumira m'thumbamo, kenako anaseka kuseka kouma.

"Chisoso! Ndiye kuti malemu ankakwera basi, kudutsa tauni yonse, kukagula kwa inu chisoso chimene chadzaza kuseri kwa mpanda uku?"

"Ndinawauza zimenezo tsiku loyamba," anatero Sauda. "Anati cha ku Area 12 akalulu awo sachikonda."

Emmie anasiya kusisita. Anayang'ana mayiyo, kenako bambo ake.

"Ndi yani ameneyu, alamu?" anafunsa Immaculata akuyang'ana zidendene zong'aluka za mlendoyo. "Maliro a m'tauni ndiye amaitana opempha."

"Si wopempha, ndi tsoka," anatero a Kamanula. Anatsitsa mawu, maso ali kumpanda wa a Nebert, neba wawo amene ankadziwa chilichonse cholowa ndi chotuluka mumsewumo. "Wakuonani ndani mukulowa? Amuna anu anadziputira okha ndi pakamwa pawo, mayi. Ine ndili ndi ntchito, ndili ndi mwana pasukulu. Mkazi wanga anali wamtima wa mwana, aliyense ankatha kumudyera. Malondawo atha. Mutulukire kageti ka kumunda."

Sauda sanakweze mutu. Anayamba kupinda thumba lake.

Emmie anatenga udzu wouma pang'ono n'kuuika pamphuno pa kalulu wodwalayo. Kanyamako kanaununkhiza kwa kanthawi, kenako kanakoka kaphesi kamodzi n'kuyamba kutafuna.

"Mayi a Hamdani," anatero Emmie, "kumene mukukhalako malo alipo?"

"Kachipinda kamodzi kuseri kwa sitolo, mwanangu, ndi kakhonde. Chifukwa?"

"Khola lingakwane?"

Sauda anaganiza. "Mwana wanga Hamdaniyo akuphunzira ukalipentala. Angakhome lokwera m'mwamba, agalu asamafikire."

Emmie analowa m'nyumba n'kutuluka ndi makatoni awiri a sopo. Anawaboola m'mbali ndi mpeni, nayala udzu pansi.

"Ukutani iwe?" anafunsa a Kamanula.

"Mwanena nokha, adadi. Amene akuwafuna atenge, bola achoke pano."

"Iii, ndiwo zathu zija?" Immaculata anagwira m'chiuno. "Alamu anandipatsa ine! Ndine m'bale wake wa malemu, bere limodzi. Uyu ndi ndani wake?"

"Makina mwatenga, mapoto mwatenga, amayi aakulu. Ndinakuonani dzulo mukuyesa nsapato zawo. Izi zokha zimapuma, zisiyeni."

A Kamanula anaimirira. "Emmie, ukudziwa kuti anthu amachotsedwa sukulu pa zinthu zochepa kuposa izi? Ukufuna dzina langa likamveke kuti?"

"Dzina lanu silipita nawo. Akupita ndi akalulu."

Anawaika atatu m'katoni imodzi, wodwalayo ndi mnzake m'katoni inayo. Ankalankhula ndi Sauda yekha, ngati pakhondepo panalibe anthu ena: wakudayu lero ndi mawa udzu wouma ndi madzi basi, madeya ayambe wachira, ndipo akaona ndowe zayamba kutuluka adziwe kuti wapulumuka. Sauda ankangovomera ndi mutu.

"Ndikabwera pa holide ndidzafika kudzawaona," anatero Emmie.

"Iwe ndi mayi ako ndinu amodzi," anatero a Kamanula. "Mitu yopanda nzeru. Kageti ka kumunda, ndanena!"

Emmie anamusenzetsa Sauda katoni imodzi, nasenza inayo, n'kulunjika kugeti lalikulu. A Kamanula anatola nyuzipepala yawo, nalowa m'nyumba mofulumira n'kukoka makatani a pabalaza. Immaculata anatsala yekha akusuzumira m'khola lopanda kanthu, kenako anagwedeza waya wake kuona ngati angazuke.

Kunja dzuwa linali litakwera. A Nebert ankatsuka galimoto pageti pawo, ndipo atawaona anasiya nsanza ili pagalasi. Emmie anayenda pang'ono n'kuzindikira kuti ali yekha. Sauda anali atatsalira m'mbuyo, akuyenda m'mphepete mwa ngalande, maso pansi.

"Tsogolani, mwanangu," anatero Sauda chapansipansi. "Tikapezana pa basi. Asatione limodzi."

Emmie anaima. "Ndi amayi munkayenda chonchi?"

Sauda anapukuta maso ndi nsonga ya mpango, koma ankamwetulira.

"Ndinkayesa. Iwo ankangoima pakati pa msika, pamaso pa achinyamata ofunsa makhadi a chipani aja, mpaka ndiwapeze. Ndikafika ankandigwira dzanja, n'kumandifunsa mokweza ngati ana adya."

M'katoni ya pamutu pa Emmie munamveka kukwakwaza. Anaikhazika bwino ndi dzanja lamanzere, lamanja n'kulitambasula, ndipo anadikira pakati pa msewu mpaka Sauda anafika.

"Ana adya?" anafunsa Emmie.